Kodi mabakiteriya ofalitsidwa ndi nkhupakupa amazemba bwanji chitetezo cha m'thupi?

Aphunzitsi Mbewe:
Moni nonse a pagulu lino. Sabata yatha ndinkaphunzitsa ana a Folomu 4 za chitetezo cha m'thupi, ndipo ndinawauza monga mmene timaphunzitsira nthawi zonse, kuti thupi likakumana ndi kachilombo limakakumbukira, kotero kuti kakabweranso limakagonjetsa msanga. Mtsikana wina anakweza dzanja n'kufunsa kuti ngati zili choncho, n'chifukwa chiyani pali matenda a nkhupakupa amene munthu amatentha thupi, n'kupeza bwino, kenako n'kudwalanso patapita sabata imodzi pamene sanalumidwenso. Anali atamva za matenda a relapsing fever amene amavutitsa anthu ku Tanzania. Ndinamuyankha mwachidule kuti kachilomboko kamasintha maonekedwe, koma yankho limenelo silinandikhutiritse ngakhale ine mwini. Ndikupempha a zaumoyo ndi a za ziweto amene muli pano kuti mundithandize kumvetsa zimene zimachitika m'magazimo.

Mayi Nachisale, wa mu labotale:
Aphunzitsi, mwana wanuyo wafunsa funso labwino, ndipo yankho lanu silinali lolakwika, linangoperewera. Bakiteriya amene akumunenayo ndi Borrelia duttonii, wooneka ngati kaulusi kopotoka. Anapatsidwa dzina la Joseph Dutton, dokotala wa ku Britain amene ankafufuza matendawa ku Congo ndipo anamwalira komweko mu 1905 iye mwini atawadwala. Amafalitsidwa ndi nkhupakupa yofewa yotchedwa Ornithodoros moubata, imene sikakamira pathupi ngati zimene timaziona pa ng'ombe. Iyo imabisala m'ming'alu ya makoma ndi pansi pa nyumba zozira, imatuluka usiku, imayamwa magazi kwa nthawi yosafika ola limodzi, n'kubwerera kobisala munthu asanadziwe kuti walumidwa.

Mabakiteriyawa akalowa m'magazi amachulukana mpaka kufika mamiliyoni pa mililita imodzi, ndipo ndi nthawi imeneyi pamene munthu amatentha thupi kwa masiku atatu kapena kupitirirapo. Thupi limapanga ma antibody, zida za chitetezo zoyenda m'magazi, olimbana ndi puloteni imodzi imene yakuta kunja kwa bakiteriyayo, ndipo amagwiradi ntchito, chifukwa m'masiku ochepa magazi amayera, munthu n'kudzuka. Koma bakiteriyayu ali ndi nkhokwe ya malangizo opangira mapuloteni akunja osiyanasiyana, ndipo pa nthawi imodzi amagwiritsa ntchito amodzi okha. Kwa m'bale wake wa ku America, Borrelia hermsii, amene anafufuzidwa kwambiri, malangizo osungidwawa alipo pafupifupi 60. Pogawikana, bakiteriya mmodzi mwa 1,000 kapena 10,000 amakopera malangizo ena kuchokera m'nkhokwemo n'kuvala puloteni yatsopano. Ochepa amenewa ma antibody oyamba aja sawazindikira, motero amatsala, amachulukana, ndipo pakatha pafupifupi sabata kutentha thupi kumabwerera. Thupi silinaiwale chilichonse. Likufunafuna wakuba wa malaya ofiira pamene iye wavala kale obiriwira.

Bambo Mwale, mlangizi wa ziweto:
Mayi Nachisale, zimene mwafotokozazo ife timakumana nazo m'makola, ngakhale kuti mwini ng'ombe saziona. Anaplasma marginale, bakiteriya amene Arnold Theiler anamufotokoza ku South Africa mu 1910, amayambitsa matenda a anaplasmosis, amakhala m'maselo ofiira a ng'ombe, ndipo pa maikulosikopu amaoneka ngati kadontho m'mphepete mwa selo. Ng'ombe yodwala imatha magazi, maso ndi nkhama zimasanduka zachikasu, ndipo ikaphedwa ndulu imapezeka yotupa. Ikachira sikuti bakiteriya watha. Amakhalabe m'magazi moyo wonse wa ng'ombeyo, akumachuluka ndi kuchepa pa milungu 6 mpaka 8 iliyonse, ndipo nthawi iliyonse akachuluka amakhala atasintha mapuloteni ake akunja otchedwa MSP2 ndi MSP3. Kusiyana kwake ndi zimene mwanena n'kwakuti chitetezo cha ng'ombe chimamupondereza mokwanira kotero kuti siidwalanso mooneka. Ng'ombe yonenepa bwino yomweyo ndi imene imadyetsa nkhupakupa mabakiteriya opita kwa zinzake, ndiponso singano imodzi yobayira khola lonse ingathe kuwafalitsa popanda nkhupakupa n'komwe.

Aphunzitsi Mbewe:
Zikomo nonse awiri. Kodi zimenezi n'zofanana ndi zimene timamva za kaodzera? Ndikufuna chitsanzo chimene ana athu amachidziwa kale.

Mayi Nachisale:
N'zofanana ndithu pa mfundo yaikulu, ngakhale kuti tizilombo ta kaodzera, timene kashembe amafalitsa m'madera ozungulira nkhalango za Nkhotakota, Kasungu ndi Vwaza, si mabakiteriya. Ito timasintha chovala chotchedwa VSG, ndipo nkhokwe yake ndi yaikulu kwambiri, malangizo oposa 1,000. Tizilombo ta malungo nato tili ndi malangizo pafupifupi 60 osinthira puloteni imene timaika pamwamba pa selo lofiira. Chodabwitsa n'chakuti zamoyo zosakhala pachibale zinafika pa njira imodzi. Komabe ndikanakonda kuti musawasiye anawo akuganiza kuti kusintha chovala ndiye nkhani yonse, chifukwa mabakiteriya a nkhupakupa ali ndi mthandizi amene tizilombo tambiri tilibe, ndipo mthandiziyo ndi malovu a nkhupakupa yomweyo.

Mayi Nangozo, namwino ku Scotland:
Ndilowepo pamenepo, chifukwa kuno matenda a Lyme timawaona chaka chilichonse, makamaka mwa anthu oyenda kapena ogwira ntchito m'nkhalango ndi m'mapiri. Matendawa anatchedwa dzina la tauni ya Lyme ku Connecticut, kumene ana ambiri anapezeka ndi mawondo otupa mu 1975, ndipo bakiteriya wake, Borrelia burgdorferi, anafotokozedwa mu 1982 ndi Willy Burgdorfer ndi anzake. Amafalitsidwa ndi nkhupakupa zolimba za mtundu wa Ixodes, zimene zimakakamira pakhungu masiku angapo.

Taganizirani za minga ikakulowani m'phazi. Pasanathe tsiku pamatupa, pamapweteka, ndipo mafinya amayamba. Nkhupakupa imaboola khungu n'kukhalapo masiku ambiri osamveka, ndipo chimene chimaichititsa zimenezi ndi malovu ake. M'malovumo muli zinthu zoletsa magazi kuundana, zina zomanga histamine kuti pasayabwe, zina zotchedwa evasin zimene zimagwira mauthenga oitanira maselo oyera kuti abwere pachilondapo, ndi zina zoletsa gulu la mapuloteni a m'magazi lotchedwa complement, limene ntchito yake ndi kuboola mabakiteriya. Nkhupakupa imachita zonsezi pofuna kudya mwamtendere, koma bakiteriya amatsikira pamalo amene alonda agonekedwa kale.

Borrelia burgdorferi amapitirira pamenepo. Ali m'matumbo a nkhupakupa yanjala amavala puloteni yotchedwa OspA, imene imamuthandiza kumamatira kumeneko. Magazi ofunda akayamba kulowa, amasiya kupanga OspA n'kuyamba OspC, kenako amasamukira kumene kumapangidwa malovu. Kumeneko puloteni ya nkhupakupa yotchedwa Salp15 imamatirira pa OspC, kotero kuti bakiteriya amalowa m'thupi la munthu atafunda chinthu cha nkhupakupa chimene chimamutchinga ku ma antibody, chimenenso chimafooketsa maselo a CD4, omwe aja tonse timawadziwa chifukwa cha HIV. Kusintha ndi kusamuka kumeneku kumatenga nthawi, n'chifukwa chake timauza anthu kuti kuchotsa nkhupakupa tsiku lomwelo kumachepetsa kwambiri chiopsezo. Akakhazikika m'thupi amasiyanso OspC n'kuvala VlsE, imene amaisintha mosalekeza posakaniza zidutswa zochokera ku malangizo 15 osungidwa.

Mayi Nachisale:
Achemwali, mwasiya njira imodzi yozembera imene ine imandichititsa chidwi koposa. Maselo athu sawonongedwa ndi complement chifukwa amakoka puloteni ya m'magazi yotchedwa factor H, imene imakhala ngati chizindikiro chakuti uyu ndi wakwathu, musamukhudze. Borrelia ali ndi mapuloteni akunja amene amagwira factor H yomweyo n'kudzikuta nayo. Sakupanga chitetezo chake, akubwereka cha mwini nyumba. Ndiponso timichira timene amasambira nato sitili kunja ngati mwa mabakiteriya ena, koma tili m'kati, pakati pa zikopa zake ziwiri, kumene chitetezo sichitiona msanga. Pa nkhani ya malovu ndiwonjezere kuti nkhupakupa yofewa ija ya m'ming'alu ili ndi puloteni yotchedwa OmCI imene imatseka complement pa gawo lotchedwa C5, ndipo imagwira ntchito bwino kotero kuti akatswiri anaitenga n'kuyamba kuiyesa ngati mankhwala a anthu amene complement yawo ikuwawononga okha.

Bambo Nkhoma, ku Limpopo:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma ndili ndi funso lochokera pa zimene zinandichitikira. Ndimagwira ntchito pa famu ya ng'ombe kuno, ndipo chaka china nditayenda m'tchire kufunafuna ng'ombe zosochera, ndinayamba kutentha thupi, mutu kuwawa kwambiri, ndi mwanabere m'mphechepeche. Pamwendo panali tizilonda tiwiri takuda pakati ngati pootchedwa ndi fodya. Kuchipatala china chaching'ono anandipatsa amoxicillin, ndipo ndinamwa masiku anayi popanda kusintha kulikonse. Nditapita kwina, dokotala anangoona tizilondato n'kunena kuti ndi tick bite fever, anandipatsa doxycycline, ndipo patapita masiku awiri ndinadzuka. Kodi zimenezi zikutanthauza kuti mabakiteriyawa anazolowera amoxicillin monga timamvera za mankhwala osiya kugwira ntchito?

Mayi Nachisale:
Ayi, Bambo Nkhoma, ndipo ndi bwino kuti mwafunsa, chifukwa anthu ambiri amasokoneza zinthu ziwirizi. Kuzemba chitetezo cha m'thupi ndi nkhani ina, kupirira mankhwala ndi nkhani inanso. Zizindikiro zimene mwatchulazo zikugwirizana ndi Rickettsia africae, amene amafalitsidwa ndi nkhupakupa zamawangamawanga za mtundu wa Amblyomma, ndipo anapatsidwa dzinali mu 1996 atapezeka mwa wodwala wa ku Zimbabwe. Nkhupakupa zimenezi zimaukira munthu zingapo nthawi imodzi, n'chifukwa chake tizilonda tanu tinali tiwiri. Mankhwala a gulu la penicillin, monga amoxicillin, sagwira ntchito pa Rickettsia kuyambira kale, si kuti anachita kuzolowera. Mabakiteriyawa amakhala m'kati mwa maselo athu, ndipo doxycycline ndi amene amalowa bwino m'maselomo n'kuwaletsa kupanga mapuloteni.

Kubisala m'selo ndi njira yosiyana kotheratu ndi ya Borrelia. Selo likameza bakiteriya limamutsekera m'kathumba, kenako limathiramo asidi ndi zinthu zogaya. Rickettsia amaboola kathumbako m'mphindi zochepa n'kutulukira m'kati mwenimweni mwa selo, mmene muli chakudya chambiri ndipo ma antibody safikamo. Amakonda maselo oyala m'kati mwa mitsempha ya magazi. Akafuna kusamuka satuluka panja, koma amasonkhanitsa timaulusi ta selo lomwelo totchedwa actin kumbuyo kwake, n'kumakankhidwa nato mpaka kulowa m'selo loyandikana nalo. Kachilonda kakuda kamene munakaona ndi pamalo pamene timitsempha ta pakhungu tinawonongeka mnofu n'kufa. Ndipo popeza ma antibody amachedwa kuoneka, nthawi zambiri mpaka patatha milungu iwiri kapena itatu, kuyeza magazi sabata yoyamba sikuthandiza kwenikweni. Dokotala wachiwiriyo anachita bwino kukhulupirira maso ake.

Mayi Nangozo:
Wolimba mtima kuposa onse ndi Anaplasma phagocytophilum, amene amafalitsidwa ndi Ixodes yomweyo ya Lyme, ndipo kuno amadwalitsa kwambiri nkhosa. Iye amasankha kukhala mu neutrophil, selo loyera limene ntchito yake yonse ndi kupha mabakiteriya. Satuluka m'kathumba ngati Rickettsia, koma amakaletsa kulumikizana ndi timatumba ta zogaya, ndipo amatseka makina amene selolo limapangira poizoni wa okosijeni. Neutrophil mwachibadwa sikhalitsa, imafa yokha pasanapite nthawi, koma bakiteriyayu amaichedwetsa kufa kuti apeze masiku oswanirana. Pa maikulosikopu amaoneka ataunjikana ngati chipatso cha mabulosi, ndipo dzina lakuti morula limachokera pamenepo. Alibenso LPS ndi peptidoglycan, zinthu ziwiri zimene chitetezo chimazindikirira mabakiteriya ambiri, motero amalowa popanda kuliza belu.

Bambo Mwale:
M'bale wake wa kwathu kuno ndi Ehrlichia ruminantium, amene amayambitsa heartwater mu ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa, ndipo amafalitsidwa ndi Amblyomma zomwe zinaluma Bambo Nkhoma. Edmund Cowdry anamuona mu 1925 ku Onderstepoort. Amakhala m'maselo a m'mitsempha, makamaka ya mu ubongo, ndipo mitsemphayo ikayamba kuchucha madzi amadzaza mozungulira mtima ndi m'chifuwa. Mbuzi imayenda mozungulirazungulira, imagwa n'kumapalasa miyendo, ndipo kawirikawiri mwini wake akamabwera kudzatiitana imakhala itatsala pang'ono kufa. Popeza ma antibody samufika m'selomo, chitetezo chenicheni chimadalira maselo oyera a mtundu wa T, ndipo chitetezo cha mtundu umodzi wa bakiteriyayu sichiteteza mokwanira ku mitundu ina. N'chifukwa chake katemera amene wakhala akugwiritsidwa ntchito kwa zaka zambiri ku South Africa ndi magazi a nkhosa okhala ndi bakiteriya wamoyo wa mtundu wa Ball 3. Amabaya chiweto mumtsempha, amayeza kutentha kwake tsiku ndi tsiku, ndipo kukakwera amachipatsa oxytetracycline. Ndiko kudwalitsa dala kenako n'kuchiza. Njira yofanana ndi imeneyi ndi imene imagwiritsidwa ntchito pa katemera wa East Coast fever wopangidwa ku Centre for Ticks and Tick-Borne Diseases ku Lilongwe, ngakhale kuti kachilombo ka matenda amenewo, amenenso nkhupakupa zimafalitsa mu ng'ombe, si bakiteriya.

Bambo Nkhoma:
Ngati zili choncho, Bambo Mwale, ine ndikuona kuti nzeru ndi imodzi yokha. Popeza thupi silingathe kumaliza mabakiteriyawa ndipo katemera ndi wovuta, tiyenera kupha nkhupakupa zonse. Ziweto zizisambitsidwa m'mankhwala sabata iliyonse osadumphitsa, kuti pasapezeke nkhupakupa ngakhale imodzi.

Bambo Mwale:
Pamenepo ndikutsutsani pang'ono, achimwene, ngakhale kuti maganizo amenewo ndi amene maboma a m'chigawo chino anatsatira kwa zaka zambiri. Mathole aang'ono amapirira matenda ngati anaplasmosis ndi heartwater kuposa ng'ombe zazikulu. Thole likalumidwa lili laling'ono limatenga bakiteriya, silidwala kwambiri, ndipo limakula lili ndi chitetezo chimene chimakhalapo chifukwa chakuti bakiteriyayo sanathe m'thupi mwake kapena chifukwa likulumidwabe nthawi ndi nthawi. Mukapha nkhupakupa zonse kwa zaka zambiri, mumalera ng'ombe zimene sizinakumanepo ndi matendawa, ndipo tsiku limene mankhwala adzasowe zimagwa ngati ntchentche. Zimbabwe inaona zimenezi. Kusambitsa ng'ombe kunali kokakamiza kuyambira 1914, koma kutasokonekera m'midzi pa nthawi ya nkhondo yomenyera ufulu m'zaka za m'ma 1970, ng'ombe pafupifupi miliyoni imodzi zinafa, zambiri ndi matenda a nkhupakupa. Kuonjezera apo, nkhupakupa zenizenizo zimazolowera mankhwala akamagwiritsidwa ntchito mopitirira muyeso, ndipo pamenepa mawu akuti kuzolowera ndi oyenera.

Bambo Nkhoma:
Ndamva, koma pa famu yathu pali ng'ombe zamkaka zachizungu, ndipo imodzi ikafa ndi ndalama zambiri zatayika. Sindikuona mwini famu akuvomera kuti zilumidwe dala.

Bambo Mwale:
Ndipo asavomere. Zimene ndanenazo zikukhudza ng'ombe zamakolo zobadwira m'dera limene matendawa alimo kale. Ng'ombe zachizungu ndi zosakaniza, komanso ng'ombe iliyonse yaikulu yogulidwa kudera lina, ziyenera kutetezedwa kwambiri, chifukwa nthawi yake yopirira inadutsa. Kumenenso kuli East Coast fever nkhani imasintha, popeza matenda amenewo amapha ndi mathole omwe. Chimene ndikukana ndi lamulo limodzi la khola lililonse.

Mayi Nangozo:
Ndibwerere pang'ono kwa anthu, chifukwa mfundo ya Mayi Nachisale yosiyanitsa kuzemba chitetezo ndi kupirira mankhwala ndi yofunika kuno. Anthu akawerenga kuti Borrelia amabisala mochenjera, ena amaganiza kuti ayenera kumwa mankhwala miyezi yambiri. Koma matenda a Lyme akapezeka msanga amachizika ndi doxycycline wa milungu iwiri kapena itatu. Alipo odwala amene amatsala ndi kutopa ndi kuphwanya m'thupi kwa nthawi yaitali, ndipo mavuto awo ndi enieni, koma kafukufuku wochitika ku America ndi ku Netherlands anasonyeza kuti kuwaonjezera maantibayotiki kwa miyezi sikuwapatsa phindu lokhalitsa, pamene kuopsa kwa mankhwalawo kumakula.

Za katemera, aphunzitsi angakonde nkhani iyi. Katemera wa Lyme wotchedwa LYMErix, amene anavomerezedwa ku America mu 1998 n'kuchotsedwa pamsika mu 2002, ankalimbana ndi OspA, puloteni imene bakiteriya amavala ali m'nkhupakupa n'kuivula polowa mwa munthu. Poyamba zimamveka ngati kulakwitsa, koma cholinga chinali chakuti nkhupakupa ikayamwa magazi a munthu wobayidwa, iyamwe pamodzi ndi ma antibody amene akaphe bakiteriya m'matumbo mwake momwemo, asanasinthe chovala ndiponso asanafunde malovu.

Aphunzitsi Mbewe:
Tsopano ndili ndi zambiri kuposa zimene phunziro la mphindi 40 lingalandire, koma ndaona pamene ndinalakwitsa. Ndinawaphunzitsa ngati kuti nkhondoyo ndi ya awiri, thupi ndi kachilombo, pamene pano pali wachitatu. Funso lomaliza kwa Mayi Nachisale, chifukwa ndikudziwa kuti mtsikana uja adzalifunsa. Kodi nkhupakupa yofewa ija iliko kwathu kuno, nanga munthu wodwala relapsing fever angasiyanitsidwe bwanji ndi wa malungo?

Mayi Nachisale:
Iliko. Ornithodoros moubata inapezeka m'makola a nkhumba ku Mchinji pa kafukufuku wa chigodola cha nkhumba m'zaka za m'ma 1980, chifukwa ndi yomweyo imene imasunga vairasi ya matenda amenewo. Kumene relapsing fever inalembedwa kwambiri ndi m'chigawo cha Dodoma ku Tanzania, kumene imakhudza makamaka ana aang'ono ndi amayi oyembekezera, ndipo imachititsa kupita padera ndi kubereka masiku asanakwane. Pa zizindikiro zokha simungaisiyanitse ndi malungo, ndipo kachipangizo koyezera malungo mwachangu sikangaione, chifukwa kamafunafuna puloteni ya tizilombo ta malungo basi. Mankhwala a malungo ngati LA saichiza, koma popeza kutentha thupi kumatsika kokha pakatha masiku ochepa, wodwala ndi womuchiza yemwe angaganize kuti mankhwalawo agwira ntchito.

Njira yake ndi maikulosikopu. Magazi apakidwe pagalasi n'kuthiridwa utoto wa Giemsa monga timachitira poyeza malungo, ndipo timaulusi topotoka timaoneka pakati pa maselo ofiira, osati m'kati mwake. Koma magaziwo atengedwe pamene wodwala akutentha thupi, chifukwa m'masiku a pakati aja, chitetezo chitasesa gulu loyamba, otsalawo amakhala ochepa kwambiri moti galasi limaoneka loyera. Akapezeka, doxycycline kapena penicillin amachiza, ndipo wodwala ayang'aniridwe kwa maola angapo atalandira mankhwala koyamba, popeza mabakiteriya ambiri akafa nthawi imodzi munthu amatha kunjenjemera, kutentha kwambiri, kenako kuthamanga kwa magazi n'kutsika, zimene zimatchedwa Jarisch-Herxheimer. Aphunzitsi, ngati pasukulu panu pali maikulosikopu yokhala ndi lenzi ya mafuta, ndiuzeni, ndikutumizireni zithunzi za magalasi a Borrelia ndi a malungo kuti anawo ayambe aona kusiyana kwake asanayese okha pa magalasi ophunzitsira.